Makiyi a Sienta

Cosmo City, Joni
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, chimodzimodzi mwana wathu kusukulu ku Zombako. Ine kuno ndilipo, kungoti dzanja lamanja likundivutako. Mukaona zilembo zikupendama musaganize kuti ndayamba mowa.

Nkhani ya galimoto yandisowetsa mtendere. Pafoni paja munangoti akuba anayesa kuba Sienta koma alephera, aswa galasi la mbali ya dalaivala ndi kuononga pobayira kiyi, kenako netiweki n'kudula. Zaka zitatu ndakhala ndikuzula udzu m'mabwalo a eni ake kuti ndigule galimoto imeneyo, wina angobwera ndi kachitsulo kake kuti alandire zaulere! Mlonda wa patchalitchi anali kuti? Nyumba yathu ya ku Chilomoniyo tinaimanga pamtunda pomwe ngakhale wilibala amafika akulira, n'chifukwa chake ndinapempha abambo mfumu kuti galimoto izigona kumpanda wa parishi. Ndinkati pamalo a Mulungu mbala ichita manyazi.

Tsono mvetsetsani. Munthu asaikhudze. Musalole makaniko aliyense, ngakhale akhale wa ku Ndirande woti amadzutsa ndi zakufa zomwe. A inshuwalansi amafuna kuona chilonda chisanamangidwe. Mapepala onse ali mu envulopu yakhaki pansi pa sutikesi yanga. Mupite nawo kupolisi akupatseni lipoti, kenako ku ofesi ya inshuwalansi m'tauni. Mupemphe a Hawkins akuperekezeni. Iwo ndi dalaivala wakale, ndiponso monga wapampando wa mphakati wathu amadziwa kulankhula ndi anthu a m'maofesi. Muwathokoze poiliza injini Loweruka lililonse monga ndinawapempha.

Ndikudziwa mumati Sienta ndi mkazi mnzanu poti ndikaimba foni ndimayamba kufunsa za iyo. Musachite nsanje mayi. Iyo imagona kutchalitchi, inu mumagona m'nyumba mwanga. Ndikadzabwera idzakhala takisi, ndipo Joni ndidzamutsanzika.

A Marko, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, akupatsani mafuta ophikira malita asanu, sopo ndi R1,200. Zachepa, ndikudziwa, mwezi uno sunayende bwino. Nanga foni yatsopano ndinatumiza ija, nayonso kamera yake yafa? Miyezi isanu tsopano ndikungomva mawu okha. Ndasowa nkhope ija imandidikira pageti la tchalitchi ndikamatsika ndi zikwama.

Ine mwamuna wanu,
Venansio


Cosmo City
7 Epulo 2024

Amake Tadala,

Moni wa Pasaka. Ndamva kuti chimfine chija sichikukutherani, mawu anu pafoni akumveka otopa. Mugule mandimu. Ine ndilipo.

Mayi wina wa ku ofesi ya inshuwalansi, a Brenda, wanditumizira mapepala pafoni poti galimoto ili m'dzina langa. Ndawerenga kawiri, kachitatu ndinachita kuvala magalasi a mnzanga wogona naye chipinda, kuopa kuti mwina maso anga ndiwo akunama.

Choyamba, akuti munthu wawo woona za ngozi atafika anapeza galasi latsopano ndipo pobayira kiyi pokonzedwa kale. Munakonzetsa ku Ndirande patangopita masiku awiri, kalata yanga isanafike n'komwe. Liwiro limeneli linali la chiyani, galimoto yoti siyenda? Tsopano akuti alibe chilonda choti aone, angodalira lisiti la makaniko lolembedwa papepala la m'kope.

Chachiwiri ndi chimene chandizunguza mutu. Ine ndakhala ndikunyoza mlonda wa patchalitchi mumtima mwanga mwezi wathunthu, mpaka ndinakaulula. Koma lipoti la apolisi likuti zinachitika Lachiwiri, teni koloko m'mawa, galimoto itaimikidwa m'mbali mwa msewu ku Ginnery Corner. Likuti amene anaiyendetsa kufika pamenepo ndi a Hawkins, ndipo ogulitsa nthochi ndiwo anakuwa mpaka akubawo kuthawa.

Chachitatu, pochoka ndinalemba makilomita a galimoto kuseri kwa kalendala. Zimene walemba munthu wa inshuwalansi zikuposa zanga ndi 840. Kuliza injini Loweruka sikuyendetsa mateyala, amake Tadala.

Sindikukuimbani mlandu. Mwina panagwa maliro a mumphakati, mwina abambo mfumu anaibwereka. Mukanangondiuza, ine si chilombo. Koma ndikafunsa pafoni mumati tidzakambirana, kenako mumayamba za chimanga cha kumunda wa ku Chigumula. A Brenda akufuna kalata yolembedwa ndi dzanja lanu yofotokoza kuti galimoto inkatani kumeneko, chifukwa akuganiza kuti tinkaichititsa takisi, pomwe tinalipira ngati yapakhomo. Popanda kalatayo salipira kanthu.

Fizi ya Tadala ndatumiza theka. Theka linalo muuzeni apemphe kuti amudikire mpaka kumapeto kwa mwezi. Kuno zinthu zasintha pang'ono, ndidzakuuzani bwino tsiku lina.

Ndiyankheni papepala, monga munkachitira tili pachibwenzi ku Nsanje. Pafoni mumathawa.

Venansio


Cosmo City
12 Meyi 2024

Helena,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo.

Masabata asanu ndadikira. A Marko abwera kawiri opanda kalata yanu. Ulendo wachiwiriwu ndinawakhazika pansi pokwerera mabasi pa Park Station, ndinawagulira chakumwa, ndinati mundiuze zimene a ku Chilomoni onse akudziwa kupatula ine. Anayamba kuzemba, kenako anati: "Achimwene, ine sindifuna kupasula banja la munthu. Koma Sienta yanu ija imatuluka ndithu. Lachiwiri linalake ndinaiona ndi maso angawa pa Nthukwa, a Hawkins pachiwongolero, madamu atagoneka mpando, atafunda chitenje kumutu kuti anthu asawaone."

Atagoneka mpando! M'galimoto imene ine ndinaigula ndi msana wanga. Ndinaseka pamaso pa a Marko kuti asaone kuti zandipweteka.

Tsopano zonse zalumikizana. Kamera yakufa pa mafoni awiri. Kutopa kosatha ndikaimba Lachitatu. Kuthamangira kukonzetsa galimoto kuti ulendo wa Lachiwiri usaduke. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, Helena. Ine kuno ndimagona pansi pa malata odontha, ndikamva galimoto ya apolisi ndimalowa m'sitolo ngati ndikugula kanthu, zonsezi kuti inu musasowe. Ndipo munthu wake ndi mkulu wa mphakati, amene amatsogolera korona m'nyumba mwanga, amene ndinamusiyira makiyi ndi manja awiri. Ndinasungitsa fisi mbuzi ndine.

Ndaimbira achimwene anga a Chrispin ku Bangwe monga nkhoswe yanga. Abwera Loweruka. Muwapatse makiyi onse awiri ndi envulopu ija. Galimoto isasunthenso pamene ili. A Hawkins ndisadzamvenso kuti aponda pakhomo panga kapena ayenda nanu, kaya ndi pamsewu kaya ndi kutchalitchi. Mukafuna kupita kwanuko ku Ginnery Corner, minibasi zilipo, miyendo muli nayo.

Tadala musamuuze, ali pafupi ndi mayeso. Ndalama ya chakudya ndizitumizabe chifukwa ndine bambo wa nyumbayo.

Ngati ndikunama, ndiuzeni kuti ndikunama. Ndikupemphani, ndiuzeni kuti ndikunama.

V. Alufazema


Cosmo City
16 Juni 2024

Amake Tadala,

Muli bwanji? Funsoli ndikufunsa zenizeni. Kuno kwazizira moti madzi a mumpopi akuluma zala. Ndikudziwa kuti nakonso chiperoni chayamba, muzivala juzi yofiirira ija.

A Chrispin anandiuza mmene zinayendera. Akuti munawapatsa makiyi mutagwada, osayankha ngakhale liwu limodzi. Akuti a Hawkins atafunsidwa anangoti, "Ine ndinalonjeza, sindinganene kanthu, Mulungu ndiye mboni." Akazi a Hawkins, a Madina, akuti analira n'kutuluka panja. A Chrispin akuti mwaonda kwambiri ndipo iwo akuti ndi chikumbumtima. Ine sindikudziwanso choti ndiganize. Ndinkayembekeza kuti mukalipa, munditukwane monga munachitira chaka chija ndinagulitsa wailesi yanu. Kukhala chete kwanuku kukundiopsa kuposa kukalipa.

Poti ndikufuna choonadi kwa inu, ndiyambe ndine. Ntchito ya m'bwalo ija inatha mu Febuluwale. Makina odulira mitengo anandidya zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo bwana atandisiya pachipatala sanandiyankhenso foni. Sindikanakadandaula kulikonse poti masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale. Panopa ndimaima pamphambano ndi anzanga kudikira maganyu, tsiku lina kupenta, tsiku lina kubwerera chimanjamanja. Ndinabisa kuti musade nkhawa. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya galimotoyi ndaigwira ngati munthu womira. Ndi chokhacho chimene ndingaloze kuti Joni anandipatsa.

A Brenda aimbanso. Akuti pakafika pa 30 Juni popanda kalata yanu, fayilo aitseka. Lembani chilichonse chimene chili choona, mukapereke nokha ku ofesi kwawo. Ngakhale chikhale chowawa bwanji, lembani. Tikatero tidzaona ngati pali chotsala choti ankhoswe akonze.

Ndatumiza R700 ndi bulangete. Bulangetelo ndi lanu, musapatse mlendo.

Venansio


Cosmo City
7 Julayi 2024

Helena wanga, mayi wa mwana wanga,

Sindikudziwa poyambira. Lachisanu ndinali pamwamba pa makwerero ndikupenta khoma la munthu, foni n'kulira. A Brenda anatumiza kalata yanu ija kuti ndisayine pansi pake monga mwini galimoto. Mwina sanawerenge mpaka kumapeto. Ndinaiwerenga ndili pomwepo, ndipo mnzanga ndiye anandigwira kuti ndisagwe. Ndaiwerenga mpaka ndailoweza:

"Ine Helena Alufazema ndikuchitira umboni kuti galimotoyi sinachitepo takisi. Kuyambira Okutobala ndimapita kuchipatala chachikulu Lachiwiri, pakatha masabata atatu aliwonse, kukalandira mankhwala a khansa ya khomo la chiberekero. A Hawkins amayendetsa, akazi awo amakhala kumbuyo kundigwira, chifukwa ndikalandira mankhwalawo ndimasanza ndipo sinditha kukhala tsonga. Ulendo umodzi tinapita ku Nsanje kukauza mayi anga. Tinakonzetsa msanga chifukwa sabata yomweyo ankandifunanso kukayezetsa magazi. Chonde amuna anga musawauze. Akamva abwera, akabwera sadzaloledwanso kubwerera ku Joni, ndipo sukulu ya mwana wathu ithera pomwepo."

Chitenje chakumutu chija chinali chobisa tsitsi limene linathothoka. Kamera sinafe. A Marko anaona mpando wogonekedwa koma a Madina kumbuyo sanawaone, ndipo ine ndinameza zonse osatafuna. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma wopusa weniweni ndi ine amene ndinamutuma.

Ginnery Corner! Mwana aliyense wa mu Blantyre amadziwa kuti chipatala chachikulu chili pafupi ndi pamenepo. Ine ndinawerenga makilomita, ndinawerenga maola, ndinafunsa za galasi, koma sindinafunse kuti kodi mkazi wanga akudwala. Munanena kangati kuti mwatopa? Ine n'kumati mugule mandimu.

Dzulo pafoni tinangolira tonse mpaka mayunitsi kutha, ndiye ndikulemba zimene ndinalephera kunena. Pepani Helena. Pepani chifukwa cha kalata ya mu Meyi ija. Muiotche. Ndikanatha ndikanaimeza.

Ndawauza a Chrispin kuti abweze makiyi mawa lomwe, ndipo akagwade kwa a Hawkins ndi a Madina m'malo mwanga mpaka ndidzagwade ndekha. Galimoto iziyenda tsiku lililonse limene mukufuna. Ithe mateyala, iphwasuke, ndilibe nazo ntchito.

Mwandiletsa kubwera, koma ulendo uno sindikumverani. Ndikungofuna ya basi.

Mwamuna wanu wopusa,
Venansio


Cosmo City
28 Julayi 2024

Wokondedwa wanga,

Mwadzuka bwanji lero? Mwadya? A Madina akuti dzulo munamwa phala makapu awiri ndipo munawaseka chifukwa chothira mchere m'malo mwa shuga. Nkhani imeneyo ndayenda nayo tsiku lonse ngati ndatola ndalama.

Akuti adokotala asintha mankhwala, tsopano akungokupatsani oletsa ululu. Ndinafunsa chifukwa chake koma a Madina anapatsira foni amuna awo. Munthu amene ndinamunyoza uja anandilankhula ngati palibe chinachitika. Anati, "A Venansio, zakale zisiyeni, inu fulumirani." Akuti masiku ano amakuberekani kumsana kuchoka kunyumba mpaka pageti la tchalitchi pomwe pali galimoto, munthu wa zaka sikisite. Ntchito imeneyo ndi yanga.

Tikiti ndagula, ya Loweruka pa 17 Ogasiti. Ndikanakonda ya mawa, koma ganyu ya kupenta imene ndagwira amalipira ikatha, ndipo sindikufuna kufika ndi manja okhaokha pomwe Tadala akufunika fizi ya temu yomaliza. Ndikudziwa kuti pa boda ya Beitbridge adzandidinda kuti ndisadzapondenso dziko lino kwa zaka zisanu. Adinde mpaka inki ithe. Tadala adzamaliza sukulu ndi Sienta yomweyo, ndidzayendetsa ndi zala zitatu zotsalazi.

Mwachita bwino kumuuza mwana zoona. Wandiimbira, wandikalipira, ndipo ndinangomvetsera poti akunena zoona. Watengera pakamwa panu.

Ndakugulirani duku la buluu ndi mafuta odzola aja mumawakonda. Sinditumiza ndi a Marko, ndibwera nazo ndekha. Ndipo ndapempha chinthu chimodzi, mwakananso. Mukuti ndidzakuoneni ndi maso, osati pafoni, chifukwa foni imanyansitsa munthu. Chabwino mayi, mwapambana. Koma dziwani kuti ine ndinakwatira Helena, sindinakwatire tsitsi.

Za inshuwalansi musaziganizirenso. Ndinasayina, zili kwa iwo.

Masiku makumi awiri okha. Ndidikireni.

Wanu mpaka kale,
Venansio


Cosmo City
15 Ogasiti 2024

Helena,

Kalata iliyonse ndimayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Lero ndilibe chofunsa. Iyi sindipatsa a Marko, ndibwera nayo m'thumba la malaya.

Munapita Lolemba m'mawa, masiku asanu basi isananyamuke. Ndinathamangira ku Park Station kuti andisinthire tikiti, koma ngakhale ndikanakwera tsiku lomwelo sindikanakupezani. Abale anu ochokera ku Nsanje sakanatha kudikira. Dzulo Tadala anatenga foni yanu ija, yatsopano, n'kundiimbira pavidiyo kuti ndikhale nawo pa Misa. Kamera inagwira bwinobwino. Ndinaona guwa, ndinaona amayi a mphakati atavala zofanana, ndinaona a Hawkins atanyamula kutsogolo kwa bokosi. Kenako anatsegula kuti anthu atsanzike, mwana n'kuyandikitsa foni. Miyezi khumi ndakhala ndikupempha kuti ndione nkhope yanu. Ndinaiona nditakhala pa ndowa ya penti, kuseri kwa nyumba ya munthu amene sadziwa n'komwe dzina langa.

Simunanyanse. Munangochepa.

Madzulo ake Tadala anapeza kabuku kanu ka kuchipatala m'galimoto, n'kundijambulira masamba ake. Sanalembe mawu aliwonse, anangotumiza. Kuyambira Okutobala tsiku lililonse lili ndi sayini ya namwino, simunajombe ngakhale limodzi, ngakhale sabata imene akuba anaswa galasi. Kenako pali 28 Meyi, 18 Juni ndi 9 Julayi. Mizere itatu yopanda kanthu. A Madina akuti pa 28 Meyi munayesa nokha, munafika pa siteji, munagwa minibasi isanabwere. Atakupemphani kuti amuna awo apeze galimoto ina, munati, "Bambo a Tadala anena kuti ndisayende nawo." Pa 9 Julayi makiyi anali atabwera, koma thupi linali litakana kale.

Abambo mfumu andiuza pafoni kuti matendawo anali atapita patali, kuti ndisadziweruze. Mwina akunena zoona. Koma akuba aja anangoswa galasi n'kuthawa. Amene anakulandani galimoto ndi ine.

M'mawa uno a Brenda aimba ndi mawu achimwemwe. Akuti mabwana awo avomera, alipira galasi ndi pobayira kiyi, ndipite ndikasayine. Anafunsa kuti mayi akupeza bwanji. Ndinawauza. Anati pepani bambo, ndipo ndinamva kuti akulira. Ndalamayo ndidzapatsa a Hawkins, ngakhale ndikudziwa kuti adzakana.

Tadala akuti makalata anga onse ali m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi a ku Nsanje aja. Ya mu Meyi simunaiotche. Akuti munalemba kuseri kwake ndi pensulo kuti, "Anali ndi mantha." Mpaka pamenepo munkandiikirabe kumbuyo.

Duku la buluu lili m'chikwama. Loweruka ndikwera basi, Lolemba ndidzatsika pa Wenela, ndidzakwera minibasi ya ku Chilomoni. Ndikudziwa kuti pageti la tchalitchi ndidzapeza Sienta yokha. Komabe ndidzayang'ana.

Ine mwamuna wanu,
Venansio